Kuyambitsa gulu la magule ndi zisudzo losasiya munthu kunja: malangizo kwa achinyamata a ku Kasungu

Makalabu a achinyamata ku Kasungu kuno ndi ambiri, ndipo pafupifupi kalabu iliyonse ili ndi nyimbo yake yoti tisamasalane. Koma kapiteni ku pulakatisi yawo Loweruka masana muone amene alipo. Mupeza ana asukulu a kusekondale ndi ana a eni magolosale a pamsika, onse oyenda bwino, akumva, akuona. Mtsikana amene anabereka ali Fomu 2 kulibe. Mnyamata wosamva amene amamata matayala a njinga pansi pa mtengo kulibe. Ana a m'maesiteti a fodya sadziwa n'komwe kuti kalabuyo ilipo. Tsiku la chionetsero likafika, gulu limakabwereka munthu mmodzi woyendera njinga ya aulumali, n'kumukhazika kutsogolo kuti ajambulidwe, alendo akachoka, iyeyo n'kuiwalika.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 10 pa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo anthu achialubino anaposa 134,000 m'dziko muno. Ndiye ngati muli anthu 30 popanda ndi mmodzi yemwe waulumali, sikuti kwanuko kulibe. Mwina simunawafune, mwina iwo anayang'ana n'kuona kuti si malo awo. Zimene zili m'munsizi ndi njira yokonzera zimenezo, ndipo zambiri zikukhudza pulakatisi, maudindo ndi ndalama, chifukwa kusalana kumabisala kumeneko osati m'mawu a nyimbo.

1. Yambani ndi kufufuza amene palibe

Khalani pansi anthu anayi kapena asanu, jambulani mapu a midzi imene mukufuna kugwiramo ntchito, ndipo muyende nawo m'maganizo khomo ndi khomo. Pa khomo lililonse dzifunseni: pali wachinyamata amene sitimuona ku mpira, kutchalitchi, kumzikiti kapena ku zinkhoswe? N'chifukwa chiyani? Mudzadabwa kuti ena mumawadziwa bwinobwino, kungoti simunawawerengerepo ngati achinyamata anzanu.

Amene simukuwadziwa akuuzani ndi alangizi a zaumoyo, amayi a mother group pasukulu ya pulaimale, ndi aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Amene muli kufupi ndi boma muli ndi mwayi wa sukulu ya osaona ya Chilanga, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, komanso a MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, amene ambiri timawatchulabe kuti MACOHA. Musaiwale m'maesiteti. Lamulo la ntchito la 2021 linathetsa utenanti, koma mabanja obwera kuchokera kumaboma ena akadalimo, ndipo ana awo amakula opanda mbumba pamudzi. Chakumpoto, cha ku Nkhamenya ndi kwa Kaluluma, mulinso olankhula Chitumbuka amene amangokhala chete gulu likamachita zonse m'Chichewa.

Chenjezo limodzi lisanapite patali. Mayina a anthu achialubino ndi kumene amagona si zolemba pa pepala loyendayenda kapena zoponya pa gulu la WhatsApp. Kuyambira cha mu 2014 anthu amenewa akhala akubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno, ndipo Kasungu sanaphonyedwe. Zimenezo zisungidwe m'mutu mwa anthu awiri odalirika basi.

2. Kawaitaneni kunyumba kwawo

Kulengeza kutchalitchi kuti "aliyense ndi wolandiridwa" sikubweretsa munthu amene wakhala akusekedwa moyo wake wonse. Muyenera kupita. Pitani awiri, mnyamata ndi mtsikana, ndipo ngati n'kotheka mutengane ndi mayi wachikulire wodziwika m'deralo. Mukafika, odi, moni, n'kudikira mphasa. Musayambe ndi nkhani muli chiimire.

Makolo ndiwo ayamba kulankhula, ndipo n'koyenera. Koma funso lenileni lipite kwa mwini wake, mukumuyang'ana iyeyo. Ambiri amalakwitsa apa: amafunsa mayi kuti "Kodi ameneyu angathe kuvina?" mwini wake ali pompo. Inu nenani kuti, "Achemwali, tili ndi gulu la magule ndi zisudzo. Inu mumakonda chiyani, kuimba, ng'oma, kuvina, kupeka nkhani?" Ngati ndi wosamva, funsani m'bale amene amamvana naye ndi manja akuthandizeni, koma maso anu akhalebe pa iye.

Nkhawa za makolo sizikhala zachabe, ndiye musazipeputse. Amayi adzati, "Mwana wangayu akakhala choseketsa anthu kumeneko." Abambo adzati, "Abwerera bwanji kukada?" Agogo a mtsikana wobereka adzati, "Magule omwewo ndi amene anamubweretsera mimba." Yankhani ndi zinthu zogwirika: malo ake ndi akuti, timaweruka dzuwa lisanalowe, wodzamutenga ndi kumuperekeza ndi uje, ndipo inu amayi bwerani mudzaonerere tsiku loyamba. Musalonjeze alawansi, malaya kapena ulendo wa ku Lilongwe. Wobwera chifukwa cha lonjezo amachoka ndi mkwiyo, ndipo amauzako ena. Akakana, thokozani, tsanzikani bwino, mudzabwerenso patapita milungu ingapo gulu litayamba kumveka.

3. Amfumu, ofesi ya achinyamata, ndi nkhani ya Gule Wamkulu

Bwalo ndi la amfumu, ndiye ng'oma isalire iwo asanamve. Yambani kwa nyakwawa, iwo akulozereni kwa a gulupu. Fotokozani mwachidule kuti ndinu ndani, mudzakumana masiku ati, ndipo mukamva zovuta pamudzi mudzaimitsa zonse. Mafumu ambiri nkhaniyi amaimva msanga. Mwina akuyankhani okha kuti lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Pemphani kuti akupatseni munthu mmodzi wamkulu, makamaka mayi, woti azikhala nanu ngati mlangizi. Kenaka kadzionetseni kwa mkulu woona za achinyamata ku khonsolo kuti kalabu yanu ilowe m'kaundula. Kulembetsa ku National Youth Council of Malawi, bungwe loona za achinyamata m'dziko muno, kudzabwera mukakhwima; musataye miyezi mukuthamangitsa mapepala gulu lisanavineko.

Tsopano za Gule Wamkulu. Wina m'gulu adzanena kuti tiikemo gule kuti anthu adzaze bwalo, ndipo sanama, amadzazadi. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse, pamodzi ndi Vimbuza wa anzathu a Chitumbuka. Koma gule ali ndi eni ake, mafumu ndi akudambwe, ndipo si wa kalabu. Kusoka zigoba zanuzanu n'kumayerekeza ndi kudziputira mlandu. Ndiponso gule amagawa gulu lanu pakati: olowa ndi osalowa, a mpingo wololera ndi a mpingo woletsa, ndipo atsikana ntchito yawo imathera pa kuimba ndi kuomba m'manja. Ngati amfumu afuna kutulutsa gule pa tsiku lanu, imeneyo ikhale mbali yawo pa nthawi yawo. Gulu lanu limange pa magule amene aliyense angalowemo: chimtali, mganda, chitelera, ngakhale magule a makono amene achinyamata akuvina m'maukwati.

4. Malo ndi nthawi

Musanasankhe malo, kayendenipo ndi mamembala amene akudzawagwiritsa ntchito. Bwalo looneka bwino ndi maso likhoza kukhala mchenga wokhawokha woti njinga ikulephera kuyendamo, kapena kukhala ndi zitsa ndi mizu imene wosaona angapunthwepo. Funani pouma, posalala, pamthunzi wa mtengo waukulu. Kalasi ya pasukulu ndi yabwino ngati khomo lake lilibe masitepe. Ngati alipo, thabwa lolimba lotambalala limathandiza, koma kumunyamula munthu ngati katundu tsiku ndi tsiku si yankho. Yang'ananinso chimbudzi. Chikakhala kutali, chopanda chitseko, kapena cha khomo lothina, atsikana ndi aulumali adzayamba kujomba osakuuzani chifukwa.

Yambani cha m'ma 3 koloko dzuwa litapepa, chifukwa khungu la wachialubino limapsa msanga ndipo kupsa kobwerezabwereza ndiko kumabweretsa khansa yapakhungu. Chipewa chachikulu, malaya aatali manja ndi mafuta oteteza ku dzuwa zikhale zololedwa ngakhale pa yunifolomu ya gule. Werukani kukadali koyera, ndipo pasapezeke wobwerera yekha.

Kalendala ya kuno imayendera fodya ndi chimanga. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu ali m'munda, kuwokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka fodya, ndipo ana a mabanja osauka ndiwo amayamba kusowa chifukwa cha ganyu. Gulu latsopano liyambe cha mu Meyi zokolola zitalowa, nthawi imene mabelo a fodya akupita ku msika wa Chinkhoma ndipo m'matumba mwa anthu muli kangachepe kosupira ovina. Kwa atsikana obwera ndi ana, yalani mphasa pamthunzi ndipo muzisinthana kulera, anyamata omwe.

5. Sinthani gule kuti akwane anthu amene muli nawo

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Chizolowezi chathu n'chakuti gule ndi wokhazikika, wolephera sitepe akhale pambali aziomba m'manja. Inu tembenuzani: yambani mwafunsana kuti mtima wa gule ameneyu uli pati, ndipo ndi ziti zimene zingasinthe guleyo osafa.

Tengani mganda. Unachokera ku ziperete za asilikali, ndipo chimene chimakoma ndi mizere yowongoka, kutembenukira pamodzi, manja oyenda mofanana, malipenga ndi ng'oma yaikulu. Palibe chimene woyendera njinga sangachitepo pa zimenezi. Akhoza kutembenuza njinga pa kugunda komweko kumene anzake akutembenukira, ndipo akakhala kumapeto kwa mzere woyamba amakhala ndi malo ozungulira. Chimene chimagwira mtima kwambiri n'chakuti ndime imodzi gulu lonse livine chokhala, pa mabenchi kapena chogwada, sitepe yonse ili m'mapewa, m'manja ndi m'mutu, ndipo woitsogolera akhale iyeyo chifukwa ndiye katswiri wake. Woyendera ndodo musamulande ndodo kuti aoneke ngati anzake. Kugogoda kwa ndodo pansi kukhoza kulowa m'kayimbidwe.

Wosamva ng'oma amaimva m'thupi. Masiku oyamba muikeni pafupi ndi ng'oma yaikulu, aike dzanja pa thunthu lake woimba akuimba, kenaka avine wopanda nsapato pafupi pomwepo. Vuto lake lenileni ndi wenzulo, chifukwa ndi imene imauza ovina kuti sinthani. Ndiye wotsogolera agwire mpango woyera m'dzanja, ndipo mugwirizane zizindikiro zitatu zokha: mpango m'mwamba ndi kukonzeka, kuuzunguza ndi kusintha sitepe, kuutsitsa ndi kuima. Onse aziyang'ana mpango, osati wosamva yekha. Mu chimtali izi siziwavuta chifukwa ndi bwalo lozungulira ndipo aliyense akuona mnzake. Pa mganda, wosamva akhale mzere wachiwiri kuti akhale ndi womuonera kutsogolo. Polankhula naye muyang'aneni, musamatafune kanthu, ndipo musakuwe. Gulu lonse liphunzire zizindikiro zingapo za chinenero cha manja, kuyambira moni ndi mayina. A bungwe la anthu osamva la MANAD angakulozereni wodziwa kuphunzitsa.

Kwa wosaona, mawu akuti "chitani chonchi" alibe tanthauzo. Tchulani: phazi lamanja kutsogolo, lamanzere litsate, chiuno kumanja kawiri. Ngati mawu akulephera, pemphani kaye, "Achimwene, ndingakugwireni phewa ndikuonetseni?" kapena iye agwire mapewa anu inu mukuvina. Woyandikana naye avale maseche kumiyendo kuti azimva kumene mzere ukulowera, ndipo m'mphepete mwa bwalo mukhomerere chingwe chokhuthala pansi kuti phazi lizimuuza malire. Mukayala bwalo musamasunthesunthe mabenchi ndi ng'oma osamuuza. Achialubino ambiri amaona movutikira, makamaka patali ndi powala kwambiri, choncho aziima pafupi ndi wotsogolera dzuwa lili kumsana.

Amene amagwira zinthu pang'onopang'ono amafuna sitepe zifupizifupi, zobwerezedwa mofanana, ndi mnzake mmodzi wosasinthasintha. Wachibwibwi musafulumire kumuchotsa pa mawu. Ambiri akamaimba chibwibwi sichimveka. Wodwala khunyu avine ndithu, koma akhale kutali ndi moto wowambira ng'oma, ndipo gulu lonse lidziwiretu chochita akagwa: chotsani zomuvulaza, ikani chitenje chopinda kumutu, musamupane, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali. Zikapitirira mphindi 5, thamangirani kuchipatala. Khunyu sapatsirana, ngakhale mutakhudza malovu ake. Nenani zimenezi poyera tsiku loyamba kuti pasadzakhale wothawa.

Pali msampha umene magulu a mtima wabwino amagweramo: aulumali onse kuwaunjika ku ng'oma ndi ku chisekese, ati kuti asavutike. Amene akufuna ng'oma apatsidwe ng'oma, koma wofuna kuvina avine. Ndipo poti tanena za ng'oma, ndani analamula kuti pa chimtali ovina akhale akazi, oimba ng'oma amuna mpaka kalekale? Mtsikana mmodzi akaphunzira kuwamba ng'oma, kumata phula ndi kutsogolera kayimbidwe, wanena zambiri za jenda kuposa ndakatulo ya masamba atatu.

6. Pekani sewero kuchokera pa zimene anthu anu akumana nazo

Njira yogwiritsa ntchito zisudzo pokambirana mavuto a kumudzi si yachilendo kuno. A ku Chancellor College ankayenda nayo m'midzi m'zaka za m'ma 1980, ndipo luso loimitsa sewero pakati kuti oonerera alowemo linatchuka ndi Augusto Boal wa ku Brazil. Simufunika siteji kapena pepala lolembedwa.

Khalani mozungulira, aliyense amene akufuna afotokoze tsiku limene anatsekeredwa kunja kwa chinthu: kusukulu, pa mzere wa kuchipatala, pogawa makuponi, pofunsira banja. Wosafuna asakakamizidwe, ndipo zonenedwa pamenepo zithere pomwepo. Sankhani nkhani imodzi imene ambiri agwedezera mutu, musakanize ndi zina, musinthe mayina ndi mudzi kuti oonerera asaloze chala kuti "amenewa akunena aphunzitsi akuti". Mwini nkhani ali ndi ufulu wokana kuti isatuluke ngakhale mawa lake kuli chionetsero.

Nachi chitsanzo. Mtsikana wachialubino wa Sitandade 6 wakhala kumbuyo kwa kalasi chifukwa anzake a kutsogolo amamuthawa pa benchi. Pa bolodi sakuona. Aphunzitsi, amene ali ndi ana oposa zana m'kalasimo ndipo atopa, akumuimiritsa: "Iwe, bwanji sunakopere? Ulesi!" Kunyumba amayi ake akuti, "Ingosiya mwanawe, uzindithandiza kusankha fodya, kusukuluko ndimakhalanso ndi mantha ukamapita wekha." Mtsikanayo akuvula yunifolomu n'kuipinda. Pamenepo woyendetsa sewero aombe m'manja kamodzi, onse aume pomwe ali, ndipo atembenukire kwa anthu: "Amayi ndi abambo, zalakwika pati? Ndani akanachita chiyani?" Wina akayankha kuti aphunzitsi akanamuika kutsogolo, musangovomera. Nenani, "Bwerani bambo, khalani aphunzitsiwo, tionetseni." Ochita sewero asamupeputsire: ana a kutsogolo akanebe kukhala naye, amayi aumirirebe za mantha awo. Mpamene anthu amayamba kutsutsana zenizeni, ndipo mayankho a kumudzi komweko amatuluka, monga kusinthana kuperekeza ana kusukulu.

Onani kuti aphunzitsi ndi amayi m'nkhaniyi si anthu oipa. Sewero la mfiti ndi mngelo limasangalatsa koma palibe amene amadzionamo. Pewaninso mathero akuti kwabwera bwana wa bungwe pa galimoto n'kukonza zonse. Amaphunzitsa anthu kudikira. Ndipo choletsedwa kotheratu ndi munthu wolunga kutsimphina, kutembenuza maso kapena kuchita chibwibwi chonamizira kuti anthu aseke. Adzasekadi, ndipo mawa ana adzatsatira mnzanu uja pamsewu akuchita zomwezo. Mbali ya waulumali itengedwe ndi waulumali, koma asathere pomwepo: wosaona akhale mfumu, wachialubino akhale dokotala kapena phungu. Si nthano, mu 2021 a Overstone Kondowe anasankhidwa ku Nkhotakota kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno.

Mukatchula malamulo, tchulani zoona. Ukwati ndi kuyambira zaka 18, malinga ndi lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017. Mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu, ndondomeko imene inayamba mu 1993. Pali lamulo la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, ndi lamulo la anthu aulumali la 2024 limene linalowa m'malo mwa la 2012. Mfundo imodzi pa sewero limodzi yakwana. Nyimbo zikhale zanu zopeka, zoyankhizana kuti khamu lilowemo, ndipo ngati muli ndi a Chitumbuka kapena a Chilomwe m'gulu, ndime imodzi ikhale m'chinenero chawo.

7. Maudindo ndi ndalama

Magulu ambiri amasweka pa nkhani ya ndalama, ndipo oyamba kuponderezedwa amakhala omwe munavutika kukawaitana aja. Pa komiti, theka akhale atsikana, ndipo aulumali akhale pa mipando yeniyeni, wapampando, mlembi, msungichuma, osati "membala woimira aulumali" amene amangoitanidwa kukabwera alendo. Posankha musagwiritse ntchito kukweza manja, chifukwa anthu amaopa maso a olankhulalankhula; aliyense aponye njere ya chimanga m'kapu ya amene akumufuna, kuseri kwa chitenje.

Kusupa kumafuna lamulo lisanafike tsiku. Anthu akaona wa panjinga akuvina amathamangira kumuponyera ndalama, ena mwa chisoni, ndipo zimabala zinthu ziwiri zoipa: iye amasanduka wopemphetsa, anzake amayamba nsanje. Ikani lichero limodzi pakati, woyendetsa mwambo alengeze kuti zosupa zonse zigwere mmenemo, ndipo ziwerengedwe pamaso pa onse tsiku lomwelo. Musanagawane kanthu, patulani ya kabaza ya amene sangathe kuyenda mtunda wautali, ndi ya womasulira chinenero cha manja. Wina adzadandaula kuti bwanji uje akukwera kabaza ife tikuyenda pansi. Mufotokozereni kamodzi pamsonkhano kuti cholinga ndi chakuti onse afike pabwalo, ndipo zilembedwe m'malamulo a gulu. Kope la ndalama liziwerengedwa mokweza mwezi uliwonse kuti wosaona ndi wosadziwa kuwerenga amve. Ngati musunga pa Airtel Money kapena Mpamba, foni ikhale kwa wina, nambala yachinsinsi kwa wina.

Bungwe likakuitanani ku boma n'kunena kuti mubwere anthu 10 okha, mpamene mudziwe ngati gulu lanu lili loona. Khalani ndi ndandanda yosinthana yolembedwa kale. Ndipo likanena kuti "mubweretse waulumali uja", funsani ngati malo ake ali ofikirika ndi ngati adzapatsidwe mpata wolankhula.

8. Tsiku la chionetsero

Chionetsero choyamba chikhale chaching'ono, cha makolo ndi amfumu, pabwalo lomwe mumachitira pulakatisi. Za pamsika wa Santhe kapena Chamama zidzabwera gulu litalimba mtima. Masiku oti mungakolowekepo ndi 13 Juni, tsiku lokumbukira anthu achialubino, 12 Ogasiti la achinyamata, ndi 3 Disembala la anthu aulumali, ngakhale lomalizali limakonda kugwera m'mvula zoyamba.

Malo a kutsogolo, pamthunzi, asungireni okalamba, osamva ndi ovutika kuona, osati mabwana okha. Womasulira ndi manja aime poonekera, ndipo pakhale wina wofotokozera osaona zimene zikuchitika. Woyendetsa mwambo mumukonzeretu pakamwa: azitchula ovina ndi mayina ndi ntchito zawo, "wotsogolera mganda", "woimba ng'oma", osati "onani ngakhale olumala akutha". Zolankhula za alendo zibwere pambuyo pa sewero, ndipo m'malo mowapempha mawu, afunseni chinthu chimodzi chimene achite: a komiti ya sukulu akonza liti khomo la kalasi, amfumu anena chiyani kwa makolo obisa ana m'nyumba. Mlembi alembe, awerenge mokweza anthu asanabalalike.

Zithunzi ndi mavidiyo musajambule musanapemphe mwini wake, ndipo kwa osakwana zaka 18 pemphaninso makolo. Poika pa Facebook musatchule mudzi kapena sukulu ya membala wachialubino. Dziwaninso kuti sewero lokhudza mtima limatsegula pakamwa anthu. Wina adzakukokerani pambali n'kukuuzani za nkhanza zimene akukumana nazo. Inu si apolisi kapena akatswiri opereka uphungu. Mvetserani, musafalitse, ndipo mulumikizeni ndi woteteza ana wa m'dera lanu, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit kupolisi, kapena nambala yaulere ya 116 ngati ndi mwana.

9. Sabata yotsatira

Kumanani popanda ng'oma. Oyamba kulankhula akhale amene salankhulalankhula, ndipo funso likhale lolunjika: ndi pati pamene munamva kuti mwasiyidwa? Atsikana akhalenso paokha ndi mlangizi wamkazi kwa kanthawi, chifukwa ngati pali mnyamata amene akuwavutitsa sadzanena iye ali pomwepo. Tsegulani kaundula muone amene wajomba katatu motsatizana, ndipo awiri apite kwawo mmene munapitira poyamba paja. Kope la malonjezo lija mulipatse anthu awiri, mwezi ukatha akagogode kwa a komiti ya sukulu ndi kwa amfumu kukafunsa pamene zafika, ndipo yankho limene abwere nalo likhale poyambira sewero lotsatira.